Ascension ya John Coltrane: mbale yanga yalembedwa EDITION II, kodi andipusitsa?

Kadzidzi wa ku Leeds:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani, mundithandize mutu usanandiwawe. Loweruka ndinapita ku msika wina wa mbale zakale kuno, komwe anthu amayala makatoni pamatebulo ngati kaunjika wakwathu. Ndikufukula m'katoni ya jazi ndinangoona msana wa olenji ndi wakuda uja wa kampani ya mbale ya Impulse!, kutulutsa, Ascension ya John Coltrane. Chikuto chopinda pawiri, chonyezimira, nambala AS-95, Coltrane atakhala phee ndi sakisofoni yake kumbuyo kuli mbee. Wogulitsayo anandiuza kuti ndi yoyambirira yeniyeni. Ndinapereka mapaundi 70 osanenerera n'komwe, kuopa kuti mzungu amene anaima pambali panga andilanda.

Ndiye dzulo ndikuipukuta ndinaiyang'ana pa kuwala. Pamalo osalala aja, pakati pa pomwe nyimbo yathera ndi lebulo, pali timawu tozokota: EDITION II. Nanga kuyambirira kwake kuli pati? Ndibwerere ndikamufunse bwino munthuyo kapena ndingomeza malovu?

Mfana wa ku 25:
Mapaundi 70 pa mbale imodzi? Achimwene, alamu akudziwa zimenezi? Kkkkk. Ine ndaisaka pafoni pompano kuti ndimve chimene mwagulacho. Mphindi zitatu zokha ndazimitsa. Zikumveka ngati pa depoti minibasi zonse zikuliza mabelu nthawi imodzi.

Kadzidzi wa ku Leeds:
Iwe mphwanga, za alamu ako usaziyambe. Ndafunsa akuluakulu.

Madala a Galamafoni:
Mwana wanga, khala pansi, usathamangire kwa wogulitsayo ndi ukali. Sanakubere, koma sananenenso zoona zonse. Mwina iye mwini sakudziwa.

Nkhani yake ili motere. Pa 28 June 1965, Coltrane anatenga anthu khumi n'kupita nawo ku situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, New Jersey. Pamodzi ndi iye anali 11. Anaimba nyimbo imodzi yokhayo kawiri, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 40 osapumira. Bob Thiele, amene ankayendetsa Impulse! nthawi imeneyo, anatulutsa umodzi mwa maulendo awiriwo kumayambiriro kwa 1966. Mbale itafika kale m'masitolo, Coltrane anamuuza Thiele kuti umene watulukawo si umene iye ankafuna. Thiele anagonja. Anachotsa woyambawo n'kuyamba kudinda winawo, koma osasintha nambala, osasintha chikuto. A-95 ya mono (mawu onse m'njira imodzi), AS-95 ya stereo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja), basi monga kale. Chizindikiro chokha chimene anaika ndi timawu wapezato.

Choncho iwe uli ndi Ascension imene mwini wake anaisankha. Imene inatuluka koyamba, imene anthu masiku ano amaitcha Edition I, inakhala pamsika miyezi yowerengeka chabe. N'chifukwa chake imasowa ndipo osonkhanitsa mbale amaikanganirana.

Tandiuza kaye: lebulo yako ndi ya mtundu wanji? Ndipo pamalo osalalawo pali chidindo cha VAN GELDER?

Kadzidzi wa ku Leeds:
Zikomo madala, mtima wakhalako m'malo. Lebulo ndi ya olenji, m'mphepete mwakuda. VAN GELDER alipo, zilembo zazikuluzikulu zodinda, mbali zonse ziwiri.

Madala a Galamafoni:
Ndiye usadandaule. Lebulo ya olenji ndi yakale, anaisiya cha m'ma 1968 n'kuyamba yakuda yokhala ndi mkombero wofiira. Chidindo cha VAN GELDER chikutanthauza kuti amene anajambula mawuwo ndi yemwenso anasema chimbale choyamba chimene zinazo zinadindidwirapo. Mbale yako inadindidwa Coltrane ali moyo kapena atangomwalira kumene, paja anatisiya pa 17 July 1967 ali ndi zaka 40 zokha. Yanga ine ndi ya mkombero wofiira. Anabwera nayo mkulu wanga kuchokera ku sukulu ku America m'zaka za m'ma 70, ndipo ndikanakhala iwe ndikanavina.

Nabanda ku Joni:
Ine pano ndikuseka ndekha. Achimwene a ku Leeds, tandiuzani, munakhumudwa chifukwa chiyani kwenikweni? Nyimbo munali musanaimvere n'komwe. Munakhumudwa ndi nambala II basi. Izi ndi zimene zimandidabwitsa ndi inu amuna osonkhanitsa mbale. Mwini nyimbo wanena poyera kuti iyi si imene ndimafuna, ikani inayo. Inu n'kumathamangira yokanidwayo, kuilipira ndalama zambiri, chifukwa choti ndi yosowa. Telala atakusokerani suti, n'kukuitanani kuti pepani ndinakupatsani yolakwika, yanu ndi iyi, mungamakakamire yolakwikayo?

Kadzidzi wa ku Leeds:
Achemwali, mwandigwira pakhosi. Koma pali kusiyana. Suti yolakwika siikukwana. Edition I si yolakwika, ndi anthu omwewo, tsiku lomwelo, chipinda chomwecho. Komanso ndi imene anthu oyamba kumva Ascension anamva, imene olemba m'manyuzi anayamba kukanganirana. Mbiri ili pamenepo.

Nabanda ku Joni:
Ngati ndi mbiri mukufuna, zonse ziwiri zilipo pa CD kuyambira 1992, pa The Major Works of John Coltrane, ndipo pa intaneti zili mbwee. Palibe chobisika. Chimene mukufuna inu si kumva, ndi kukhala nayo pashelefu kuti anzanu akabwera muziti taonani iyi ilibe cholemba.

Madala a Galamafoni:
Mayi Nabanda, musamupanikize kwambiri mnyamatayu. Matenda amenewa tonse tili nawo. Komabe pa mfundo yanu ndikuvomerezani theka. Ine chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi si kusowa kwa mbale. Ndi choti kampani yaikulu ngati ABC-Paramount, eni ake a Impulse!, inalola kusintha mbale imene inali kale pamsika chifukwa woimba wanena. Woimba wakuda, ku America, mu 1966. Zikusonyeza kulemera kwa Coltrane pakampanipo. Mbale yake ya A Love Supreme inali itangogulidwa kwambiri chaka chapitacho, ndiye mawu ake ankamveka.

Mfana wa ku 25:
Chabwino akuluakulu, mbiri ndamva. Koma funso langa palibe wayankha. Kodi Coltrane yo anasiyanitsa bwanji phokoso loyamba ndi phokoso lachiwiri? Ine ndikuona ngati ankangowavutitsa a Thiele wo. Ndipo musandinene kuti sindidziwa jazi, agogo anga ankamvera Chimvu River Jazz Band pa wailesi, ija inali ndi mutu ndi mchira.

Wakwaya ku Zomba:
Kkkk mwana wa ku 25, jazi ya mabanjo ija ndi yathuyathu, dzina lokha ndi limene tinabwereka. Koma ndilole ndikuyankhe ngati munthu amene ndaphunzitsa kwaya zaka zambiri, chifukwa nanenso ulendo woyamba ndinati ndi phokoso.

Iwe wazimitsa pa mphindi yachitatu. Ukanapirira masekondi ochepa chabe, ukanamva gulu lonse likutsika n'kumusiyira Coltrane bwalo. Nyimbo yonseyo inamangidwa choncho: onse pamodzi, kenako mmodzi payekha mothandizidwa ndi piyano, besi ndi ng'oma, kenako onse pamodzi, kenako wina. Mpaka aliyense atalankhulapo. Ndi dongosolo losavuta kuposa nyimbo zambiri zimene timaimba kutchalitchi.

Koyambirira kuli kamutu kakafupi ka manoti owerengeka, kofanana ndi kamene kali mu Acknowledgement pa A Love Supreme. Coltrane amakayamba, enawo amakatola mmodzimmodzi, aliyense nthawi yakeyake, mpaka kamakhala ngati mtsinje wosefukira. Sanawalembere zoti aimbe. Anawapatsa timagulu ta manoti toti azizungulirapo pa zigawo za onse pamodzi, iye n'kumapereka chizindikiro posintha. Pa zigawo za mmodzimmodzi anawamasula, kupatula kuti aliyense amalize mokweza kuti gulu limulandire.

Unalowapo m'mapemphero a usiku pamene mtsogoleri wanena kuti aliyense apemphere payekha mokweza? Ukaima panja pazenera ndi chisokonezo. Ukakhala mkati umamva mayi ali kumanja kwako akupempherera mwana wawo, bambo kumbuyo akulira za ntchito, ndipo onse amadziwa nthawi yotsika popanda wowauza. Ascension iyenera kumvedwa uli mkati.

Mfana wa ku 25:
Aphunzitsi, ine mapemphero a usiku ndimagona.

Wakwaya ku Zomba:
Ndiye vuto si Coltrane.

Za kusiyanitsa maulendo awiriwo, n'zotheka ndithu, ngakhale kwa iwe. Ndipotu achimwene a ku Leeds izi zikuthandizani kuposa kuyang'ana timawu tozokota, chifukwa mbale zina zodindidwa mochedwa kapena m'mayiko ena simungadalire cholembedwa. Khutu silinama. Pa zonse ziwiri anayi oyamba ndi omwewo: Coltrane, kenako Dewey Johnson pa lipenga, kenako Pharoah Sanders, kenako Freddie Hubbard pa lipenga. Tcherani khutu akamaliza Hubbard, cha pamphindi 19. Mukamva sakisofoni ya alto, yopyapyala mawu, ameneyo ndi Marion Brown, ndipo muli pa Edition II. Pambuyo pake pamabwera Archie Shepp, kenako John Tchicai. Koma mukamva sakisofoni ya tena yokhuthala, yosasa mawu ngati munthu wakalipa tsiku lonse, ameneyo ndi Shepp, muli pa Edition I, ndipo Brown amabwera kumapeto kwa oliza sakisofoni onse.

China: pa Edition I, akamaliza a besi awiri aja, Jimmy Garrison ndi Art Davis, Elvin Jones amapatsidwa kanthawi kochepa payekha pa ng'oma, sikafika n'komwe mphindi imodzi. Pa Edition II kulibe. Ndipo Edition II ndi yotalikirapo, imapitirira mphindi 40, pamene inayo imathera cha pa 38 ndi theka.

Kadzidzi wa ku Leeds:
Izi ndiye ndimafuna! Ndazikopera papepala. Ndikaweruka mawa m'mawa ndiimvera bwinobwino.

Nabanda ku Joni:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma fanizo la mapemphero ndili nalo ndi kakuti. Anthu akafuna kuteteza nyimbo imeneyi amathamangira kunena zauzimu, ngati kuti ukapanda kuikonda ndiye kuti ndiwe wachikunja. Ayi. Anthu amene anali m'chipindamo sanagwirizane onse. McCoy Tyner, woimba piyano, anachoka m'gulu la Coltrane chaka cha 1965 chisanathe, Elvin Jones anatsatira kumayambiriro kwa 1966. Anthu amene anaimba naye zaka zisanu. Ndiye mfana wa ku 25 akati sakumva kanthu, sali yekha, ndipo si mbuli.

Ine ndimaikonda pa chifukwa china. Ndimamva anyamata amene anali asanatchuke akupatsidwa bwalo ndi munthu amene anali pamwamba. Coltrane akanatha kumangobwereza nyimbo yake yotchuka ya My Favorite Things mpaka ukalamba, ndalama zikulowa. M'malo mwake anatenga Sanders, Brown, Shepp, Tchicai, n'kuwaika pambale yake, dzina lake likuwatchinga. Dewey Johnson uja mukamufufuza mupeza kuti anajambula zochepa kwambiri moyo wake wonse. Anthu ambiri amamudziwa chifukwa cha mphindi ziwiri zimenezi basi.

Madala a Galamafoni:
Apa mwalasa, mayi. Ndipo taonani Hubbard mmene akumvekera pakati pawo. Iye anali wa sukulu ina, woimba mwaudongo, noti iliyonse pamalo pake. Ena amati anasochera pambaleyi. Ine ndimati ndi amene amakupatsa popumira. Musaiwale kuti yemweyo analiponso pa Free Jazz ya Ornette Coleman, imene inajambulidwa mu December 1960 ku kampani ya Atlantic, anthu asanu ndi atatu, anayi ku sipika ya kumanzere anayi ku ya kumanja. Mbale ziwiri zazikulu za mtundu umenewu, iye ali pa zonse ziwiri. Wosochera sabwerera kawiri malo amodzi.

Wa ku Chipata:
Ndangolowa, ndawerenga zonse. Funso langa ndi la mono na stereo. Pali shopu ina pa intaneti ikugulitsa ya mono modula kuposa ya stereo. Nanga si stereo ndiye yabwino?

Madala a Galamafoni:
Bwana a ku Chipata, kudula kwa mono n'chifukwa choti makampani a ku America anasiya kudinda mono cha m'ma 1968, ndiye za zaka zomalizirazo zilipo zochepa. Pa mbale zina za jazi ndimakonda mono, mawu amabwera pamodzi ngati chibakera. Koma pa Ascension ayi. Anthu asanu ndi awiri akuuzira nthawi imodzi, besi ziwiri, piyano ndi Elvin Jones, onsewo kuwathira mu sipika imodzi ndiye phala. Stereo imawatambasula, umatha kutsata munthu mmodzi ndi khutu n'kumusiya n'kutola wina. Gulani stereo, ndalama yotsalayo mugulire singano yatsopano.

Nabanda ku Joni:
Poti tatchula Tchicai, pali kanthu kamene ndinakadziwira kuno ku Joni kwa akuluakulu okonda jazi. Munthu ameneyu anabadwira ku Copenhagen mu 1936, mayi ake a ku Denmark, bambo ake a ku Congo. Atabwerera kwawo kuchokera ku New York anadzakumana ndi oimba a kuno amene anathawa tsankho. Gulu la Blue Notes linachoka mu 1964: Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani, Louis Moholo. Mu 1978 Dyani anajambula Witchdoctor's Son ku kampani ya SteepleChase, ndipo oliza sakisofoni ake ndi Tchicai ndi Pukwana. Mfana wa ku 25, yamba ndi imeneyo. Muli nyimbo zoti ungathe kuziimba pakamwa, koma moto wake ndi womwewo. Ukaizolowera ubwerere kwa Coltrane.

Mfana wa ku 25:
Anti, bundle yanga ndi ya sabata. Koma ndiyesa.

Wakwaya ku Zomba:
Madala, ndili ndi funso kwa inu. Ine Ascension ndinaidziwira pa CD, yathunthu osaduka. Pa mbale ndiye kuti imadulidwa pakati?

Madala a Galamafoni:
Imadulidwa, aphunzitsi. Mbali imodzi ya LP imanyamula mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye analemba Part 1 ndi Part 2. Anyamata a CD amati ndi chilema. Ine ndinakula nacho chilemacho ndipo ndimachikonda. Umadzuka, kutembenuza mbale, kupukuta singano, makutu n'kupumako. Nditaimva koyamba yathunthu pa CD ndinatopa ngati ndalima ndime ziwiri osamwa thobwa.

Ndipo poti tili pomwepa, mwana wanga wa ku Leeds, ndikuchenjeze ndi zimene zinandionekera ine. Yanga ija inapindika. Chaka china mu October ndinaiiwala pampando pafupi ndi zenera, dzuwa la Blantyre linaiwomba masana onse, pofika madzulo inali ngati chipewa. Ndinaipanikiza pakati pa magalasi awiri miyezi itatu, inawongokako, koma mpaka lero singano ikafika pa Dewey Johnson imakwera phiri n'kutsika. Uziimika chilili, osaigoneka mulu, kutali ndi hita yanu ija. Potsuka, madzi otchezedwa (distilled) aja a m'botolo ndi kansalu kofewa, kutsata mizere mozungulira, osati sopo wochapira. Ndipo ukadzabwera nayo kumudzi, wina asadzayerekeze kuiika pa galamafoni yopukusa ya agogo. Ija ndi ya mbale za 78, singano yake ndi msomali weniweni, ingalime mizere yonse ulendo umodzi.

Wa ku Chipata:
Kkkk chipewa. Pepani madala. Nanga za ku Japan zija zokhala na kalamba ka pepala pachikuto?

Madala a Galamafoni:
Za ku Japan n'zaudongo, pulasitiki yake siichita thetheya, ndipo eni ake amasamala zinthu. Ukapeza pa mtengo wabwino tenga. Kungoti sizinasemedwe ndi Van Gelder, ndiye mawu ake ndi ofatsirapo. Zimene ndimazikayikira ine ndi zopyapyala za kumapeto kwa ma 70, ABC ili pafupi kugulitsidwa kwa MCA mu 1979. Ukaigwira imagwedera ngati chivundikiro cha ndowa.

Kadzidzi wa ku Leeds:
Ndabwerako abale. Ndaweruka 7 koloko, ndasamba, ana apita kusukulu, mayi akunyumba apita kuntchito, ndaika mbale. Pepala la aphunzitsi lili m'manja ngati ndikulemba mayeso.

Coltrane, Johnson, Sanders, Hubbard, monga munanenera. Sanders uja abale, ndinachita kutsitsa voliyumu, munthu akung'amba sakisofoni ngati ikumupweteka. Atatha Hubbard kunabwera alto. Marion Brown. Kumapeto kulibe ng'oma payokha. Ndi Edition II ndithu, cholembedwa ndi khutu zagwirizana.

Koma chimene sindinayembekezere ndi Tyner. Patatha theka la ola la mkuntho, onse oliza aja akhala chete, piyano n'kulowa. Ndinangopezeka ndatsamira pampando, mapewa atsika, osadziwa kuti nthawi yonseyi ndinali nditaumitsa thupi. Kenako besi ziwiri zija zikunong'onezana. Ndiye gulu lonse likabwereranso ndi kamutu koyamba kaja, umakazindikira ngati munthu wakwanu pa depoti yachilendo. Pafoni ndinaimverapo kangapo ndikutsuka mbale zodyera, sizinandichitepo chonchi.

Kwa wogulitsa uja sindipitanso ndi mlandu. Ndipita kukamuuza zimene ndaphunzira pano, mwina ali ndi ina m'galaja.

Nabanda ku Joni:
Mwamva? "Mwina ali ndi ina." Ndinanena ine. Akufunabe yokanidwa ija.

Kadzidzi wa ku Leeds:
Achemwali, masekondi aja a Elvin Jones akundiitana.

Wakwaya ku Zomba:
Mukaipeza mudzatiuze ngati Coltrane analondola. Ine ndamvera zonse ziwiri kambirimbiri ndipo ndimasinthasintha maganizo. Masiku ena ndimaona kuti Edition II ikuyenda mwadongosolo, alto ya Brown ikubwera pabwino kudzaziziritsa pambuyo pa lipenga. Masiku ena ndimafuna Shepp abwere msanga adzagwetse nyumba.

Mfana wa ku 25:
Nanenso ndayesanso, musati ndine wamakani. Ndinadumpha mpaka pamphindi 30 pomwe pali piyano. Pamenepo pokha ndiye ndamva, mpaka ndabwereza kawiri. Zinazo ndidikira ndikule kaye. Ya Dyani ija anti, ndaipeza, ija ndiye ikuphika.

Koma achimwene a ku Leeds simunandiyankhe. Alamu mwawauza mtengo?

Kadzidzi wa ku Leeds:
Ndinawauza kuti inali pa sale.

Madala a Galamafoni:
Chotsa kapepala ka mtengo kali kuseri kwa chikutoko, mwana wanga. Pang'onopang'ono, ndi mpweya wofunda wa choumitsira tsitsi, kuti chikuto chisasupuke. Ndipo utitumizire chithunzi cha pamalo osalalawo, mbali zonse ziwiri, ndifananize manambala ake ndi a pa chipewa changa.